Funsani Atsibweni: mashedi akuluakulu akumera mumsewu wa Mutare, ife tipezapo chiyani?

Makalata a mwezi uno ambiri akukamba nkhani imodzi, ma warehouse amene akumangidwa kum'mawa kwa Harare kuyambira ku Msasa mpaka ku Ruwa, nde ndasankhapo angapo ndipo ena ndawadula pang'ono kuti akwane. Amene munafunsa za maukwati ndi za mabungwe a maliro musadandaule, makalata anu ndasunga, tidzawaona mwezi wamawa.

FUNSO: Atsibweni, ine ndakhala ku Tafara kuyambira ndili mtsikana. Pali malo ena cha kumunsi kwa msewu waukulu omwe takhala tikulimapo chimanga ndi mbatata zaka zambiri, chaka chino tangoona abwera atchinga ndi waya, kenako magirediya, pano paima zitsulo zitalizitali akuti ndi warehouse. Kodi zonsezi zikubwereranji kwathu kuno, ku mafakitale kuja malo anatha? Nanga chimanga chathu atilipira? (Mayi wa ku Tafara)

YANKHO: Mayi pepani kwambiri ndi za mundawo, ndipo ndiyambe ndi chimangacho poti ndikudziwa kuti ndi chimene chikukusowetsani tulo. Ngati munalibe pepala la khonsolo kapena la mwini malo lokulolani kulima pamenepo, chipukuta misozi n'chovuta kuchipeza, ndisakunamizeni. Minda yathu yambiri ya m'tauni muno tinangoigwira poona kuti pali tchire, wina anasiyiridwa ndi mayi ake, wina anagula kwa mnzake ndi madola pang'ono, koma ku ofesi malowo ali ndi nambala yake ndi mwini wake. Chomwe chimatheka ndi kupita pagulu, osati mmodzimmodzi, kwa kapitawo wa pamalopo komanso kwa khansala wa wadi yanu, mukapemphe kuti mbali imene sanayambe kukumba akusiyireni mpaka mukolole. Omanga sagwira malo onse tsiku limodzi, amayamba ngodya imodzi, nde kawirikawiri sakhala ndi chifukwa chokanira. Koma dzinja likubwerali musadzathirenso feteleza wanu mkati mwa waya, ndalama imeneyo mudzangoitaya.

Tsopano chifukwa chake kwanuko. Mafakitale akale aja, Workington, Southerton, Graniteside, Ardbennie, Willowvale, anamangidwa nthawi imene katundu wolemera ankayenda pa sitima, mpaka lero mukazungulira ku Workington muona tinjanji tolowera kuseri kwa mafakitale titamera udzu. Kampani ya sitima ya NRZ itafooka katundu anasamukira pamsewu, ndipo gonyeti ya masiku ano, ija yokoka ngolo ziwiri, imatalika mpaka mamita 22, imafuna bwalo lalikulu kuti ikhote n'kubwerera chafutambuyo mpaka ikagunde pakhomo lotsitsira katundu, m'timisewu ta ku Graniteside imangotsekereza aliyense. Nyumba zakale zija nazo denga n'lalifupi, mkati nsanamira mbwee, pomwe masiku ano katundu amasanjidwa chokwera m'mwamba pa mashelefu achitsulo, nde pamafunika denga lalitali mamita 10 kapena kuposa ndi simenti yapansi yosalala yoti forklift, galimoto yaing'ono yonyamula ndi kukweza katundu, iziyenda osagwedeza katundu. Kugumula zakale n'kumanganso kumadula kuposa kugula tchire kunja kwa tauni.

Ndiye taonani msewu umene mwayandikana nawowo. Wa Mutare ndi umene umakatulukira pa boda ya Forbes n'kukafika ku doko la Beira, pafupifupi makilomita 560 kuchokera muno, pomwe Durban kudzera pa Beitbridge ndi cha m'ma 1,700. Feteleza, tirigu, mpunga, makontena ochokera ku China, zambiri zimakwera ndi msewu umenewu, ndipo zimayamba kufika ku Ruwa ndi ku Msasa zisanalowe m'chipwirikiti cha m'tauni. Ngakhale mafuta, paipi yochokera ku Beira kudutsa pa Feruka imathera ku Msasa ndipo matanki ena osungiramo ali ku Mabvuku konko. Sunway City, malo a kampani ya boma ya IDCZ omwe anaikidwa kukhala special economic zone, kapena kuti dera lapadera lokopa makampani, ali pomwepo, ndi pamene PPC inamanga fakitale yake ya simenti. Harare payokha ili pamphambano, wina akulowera ku Chirundu wa ku Zambia ndi ku Congo, wina ku Nyamapanda wodutsa ku Tete kupita kwathu ku Mwanza kapena ku Dedza, onsewa amafuna potula ndi ponyamulira.

Chinanso ndi anthu. Kalembera wa 2012 anapeza anthu pafupifupi 56,000 ku Ruwa, wa 2022 anapeza oposa 90,000, Epworth yokha inadutsa 200,000. Onsewo amagula shuga, sopo, simenti, malata, ndipo ndi omwewonso angagwire ntchito osafuna basi ya kampani yochokera kutali. Si kwanu kokha ayi, cha ku Mbudzi kumene anatsegula mphambano ya misewu yodutsana m'mwamba ya Trabablas Interchange mu 2025 nakonso zikumangidwa, ku Pomona chimodzimodzi, kungoti kwanuko ndi kumene kunali minda ya anthu yambiri nde ululu wake wamveka kwambiri.

FUNSO: Atsibweni ine ndine mnyamata wa zaka 23, ndimakhala ku Epworth kwa agogo, O level ndinakhoza masabujekiti atatu okha nde ndimangodalira maganyu. Ndikamadutsa pa mashedi atsopano aja ndimaona anthu ataima pageti m'mamawa. Pali mkulu wina akuti ndimupatse $40 akandilowetsere dzina kwa abwana. Ndipereke? Komanso nkhani ya chitupa ikundivuta, agogo aamuna anachokera ku Dedza ndipo cha bambo anga chinalembedwa alien. (Mnyamata wa ku Epworth)

YANKHO: Mphwanga usapereke. Ndalama imeneyo sunga, ndikuuza pokaiika. Munthu amene ali ndi mphamvu yolembadi ntchito sasowa $40 yako, amene akuifunayo ndi woima pageti ngati iwe yemwe, kungoti iye wavala jekete yowala ija ndipo amadziwa dzina la mlonda. Ukamupatsa akuuza kuti ubwere Lolemba, Lolemba akuuza kuti abwana apita ku Beira, mwezi ukamatha foni yake siikupezekanso.

Uyenera udziwe kuti ntchito za pamenepo zili pawiri. Pomanga pamafunika anthu ambiri, okumba, osakaniza simenti, owotcherera zitsulo, okhoma malata, koma imeneyi ndi ya miyezi yowerengeka, denga likangotha kontrakitala amanyamula anthu ake odalirika ena onse basi. Shedi ikatsegulidwa anthu amachepa kwambiri, ungadabwe kuona chinyumba chachikulu chonchija muli anthu ochepa chabe pa shifiti.

Ndikufotokozere mmene zimayendera mkatimo kuti uone pamene ungalowere. Gonyeti ikafika mlonda amayamba waona mapepala ndi nambala ya seal ya pa kontena ngati ikugwirizana ndi yolembedwa, ikapanda kugwirizana satsegula mpaka aitane akuluakulu. Ikabwerera pakhomo pamabwera checker ndi delivery note m'manja, iye ntchito yake ndi kuwerenga, makatoni angati, ophwanyika angati, onyowa angati, ndipo chimene wasainira ndi chimene kampani ivomereze kuti yalandira, nde akaphonya kuwerenga mlandu ndi wake. Kenako wa forklift amanyamula mapaleti kukaika pa shelefu, malo aliwonse ali ndi nambala yake, nambalayo imalowa mu kompyuta kuti mawa oda ikabwera wotola katundu asachite kufufuza. Palinso wa ku dispatch wotulutsa katundu, ndipo kumapeto a mwezi onse amagona mochedwa kuwerenga sitoko. Kontena yaitali ija ya mafiti 40 imalowa mapaleti pafupifupi 20, katundu akabwera ali pa mapaleti munthu mmodzi wa forklift amaikhuthula yekha tiyi asanazizire n'komwe. Koma akabwera matumba ongosanja pansi, tinene matani 30 a feteleza, amenewo ndi matumba 600 a makilogalamu 50, apa ndi pamene amatuluka pageti n'kuloza iwe, iwe ndi iwe. Anthu amene ukuwaona m'mamawa aja akudikira imeneyi. Ndi ntchito ndithu, sindikuinyoza, yalera ana ambiri, koma imadya msana ndipo tsiku limene gonyeti sinabwere kunyumba kulibe ndiwo.

Nde langizo langa ndi loti ulowe ndi ganyu ya matumbayo ngati mpata wapezeka, koma maso ako akhale pa forklift ndi pa pepala la checker. Maphunziro a forklift ndi a masiku ochepa, si a zaka, ndipo safuna masabujekiti asanu. Usanalipire sukulu iliyonse kafunse kwa madalaivala a forklift amene ali kale pantchito kuti satifiketi yawo anaitenga kuti, chifukwa timasukulu tina timangosindikiza pepala munthu osakhudzako chiwongolero, ndipo pa intaviyu amakupatsa makiyi n'kunena kuti tsitsa paleti ili pamwamba apo, pepala silingakuthandize pamenepo. Phunziranso kompyuta pang'ono, makamaka Excel, ngakhale pa laputopu yobwereka. Ukalembanso English ndi Maths n'kukwanitsa asanu, ku Harare Polytechnic kuli maphunziro a purchasing and supply omwe amatulutsa ma stores clerk. Za laisensi ya magalimoto akuluakulu ya Class 2 ndi satifiketi ya defensive driving uziganizire pambuyo, zimafuna ndalama zambiri ndipo makampani a magonyeti amafuna munthu amene wayendetsapo kale zaka.

Za chitupa, apa ndi pamene $40 ija ikagwire ntchito, yokwerera kombi ndi kufotokopa mapepala. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza nkhani imeneyi. Gawo 43 likuti munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo iye ankakhala muno pa tsiku limene anatuluka, ndi nzika ya Zimbabwe mwa kubadwa. Ngati bambo ako anabadwira konkuno ndiye kuti chitupa chawo chija chiyenera kusinthidwa, ndipo ngati mayi ako anali nzika ya muno pamene unkabadwa iwe ndiwe nzika kale. Pitani limodzi ku ofesi ya Civil Registry, kaya ku Makombe kaya ya kufupi ndi kwanu, mutatenga birth certificate yako yaitali ndi zitupa za makolo, mulawirire. Zimandipweteka mtima kuti mpaka lero tili ndi anyamata anzeru amene akulephera kulembedwa ntchito yokhazikika chifukwa cha liwu limodzi la pa chitupa cha bambo awo, pomwe agogo awo ndi amene anakumba migodi ndi kulima fodya wa dziko lino. Popanda chitupa kampani siingakulembetse ku NSSA, bungwe la boma la penshoni ya antchito, nde udzakhala wa pageti mpaka kalekale.

Ukalowa, dziwanso ichi. Lamulo la za ntchito la Labour Act likuti wa ganyu amene wagwira kwa bwana mmodzi masabata oposa 6 m'miyezi 4 yotsatizana amatengedwa ngati wolembedwa ntchito yokhazikika. Makampani amalidziwa bwino lamuloli, n'chifukwa chake ena amakupumitsa ukamayandikira kapena amakulemba kudzera kwa kontrakitala wa anthu. Iwe uzilemba m'kabuku tsiku lililonse limene wagwira, nthawi yolowa ndi yotuluka, ndi dzina la kapitawo, likadzafika tsiku lokadandaula ku NEC, bungwe loona nkhani za pakati pa olemba ntchito ndi antchito, kapena ku ofesi ya labour kabukuko ndi kamene kadzakuyankhulire. Ndipo usadutse kumbuyo kwa forklift imene yanyamula katundu, woyendetsa saona bwino, kapena kuima pakati pa gonyeti ndi khoma pamene ikubwerera.

FUNSO: Bambo mlembi, ine ndinagwira ntchito m'fakitale ya nsalu mpaka inatsekedwa, pano ndine wopuma. Ndikaona zitsulo zikukwera mtima wanga ukusangalala, kodi ndiye kuti mafakitale akubwerera? (Agogo a ku Old Mabvuku)

YANKHO: Agogo ndikanakonda ndikuyankheni kuti inde. Ena mwa mashediwo muli makina ndithu, opakira zakudya, opanga mapaipi ndi mapulasitiki, koma ambiri ndi osungiramo ndi kugawirako katundu amene wapangidwa kwina. Warehouse ndi nkhokwe, si munda, kumunda kumafuna makasu ambiri pomwe pankhokwe munthu mmodzi wokhala ndi makiyi akwanira. Inu mukukumbukira nthawi imene belu likalira anthu masauzande ankatuluka pageti limodzi pa njinga, kenako inabwera ESAP, ndondomeko ya boma yotsegula chuma ku malonda akunja, kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, nsalu zakunja ndi kaunjika zinalowa, mafakitale ngati Cone Textiles ku Chitungwiza anatseka anthu masauzande n'kukhala pakhomo. Zimene zikumangidwa panozi zikutsatira chuma chimene tili nacho lero, chogula kunja n'kugulitsa muno kapena kupititsa kwa anansi athu.

Sindikunena kuti n'zachabe ayi. Malo abwino osungira amachepetsa katundu woonongeka, mankhwala ndi mbewu zimafika zili bwino, ndipo fakitale iliyonse imene ingadzabwere idzayamba yafunsa ngati pali msewu, magetsi ndi posungira. Koma adzukulu anu musawauze kuti adikire belu lija, auzeni zimene ndamuuza mnyamata wa ku Epworth pamwambapa.

FUNSO: Atsibweni ine ndimachita geni, ndimakatenga mpunga wa Kilombero, nyemba ndi zitenje kumudzi kudzera pa Nyamapanda n'kumagulitsa kwa anzathu kuno. Katundu ndimasunga kuchipinda kumene timagona ndi ana, makoswe ndi anankafumbwe andisautsa ndipo alandilodi ayamba kudandaula. Kodi munthu wamng'ono ngati ine angapeze malo m'ma warehouse atsopanowa? Ena akuti ndifunse bonded, ndi chiyani chimenecho? (Mayi wa geni, Highfield)

YANKHO: Achemwali, choyamba chenicheni ndisanayankhe funso lanu, mapiritsi aja ophera anankafumbwe amene amatulutsa mpweya musayerekeze kuwaika m'matumba muli m'chipinda chogona ana. Mpweya wake ndi poizoni, umadutsa thumba, umadutsa ngakhale pansi pa chitseko, anthu amafa nawo ali mtulo. Ngati munaika kale tulutsani matumbawo lero lomwe.

Mashedi akuluakuluwo eni ake amabwereketsa pa square metre, lendi yake ndi ya madola a America, amafuna dipoziti, mapepala a kampani, tax clearance ya ZIMRA, bungwe lotolera msonkho, ndi lease ya zaka, nde inu nokha simungakwanitse ndipo simukufunikira malo onsewo. Chimene mufunse ndi makampani a zonyamula katundu amene amachita lendi shedi yonse n'kumasungira anthu ena, iwo amalipiritsa pa paleti, pa sabata kapena pa mwezi. Paleti imodzi imanyamula matumba 20 a makilogalamu 50, imeneyo ndi tani imodzi. Mukagwirizana amayi anayi kapena asanu amene mumakwera basi imodzi ya ku Blantyre mutha kutenga mapaleti angapo pamodzi, koma mulemberane bwinobwino kuti matumba a uje ndi angati ndipo amene ali ndi chilolezo chotulutsa ndi ndani, chifukwa chibale chambiri chathera pa thumba limodzi losowa. Muganizirenso mtunda, kuchoka ku Highfield kupita ku Ruwa kukatenga matumba awiri phindu lonse lithera pa transipoti, kwa inu malo a ku Southerton kapena Willowvale ndi amene ali pafupi ngakhale ndi akale.

Bonded ndi shedi imene ili ndi chilolezo cha ZIMRA chosunga katundu amene sanalipiridwe msonkho wa pa boda, mwini katundu amalipira pamene akutulutsa. Imathandiza oitanitsa makontena ndi magalimoto, inu amene mumamaliza zonse pa Nyamapanda siikukhudzani. Chimene chikukhudzani ndi mapepala a mbewu, mpunga ndi nyemba zikachuluka zimafuna import permit ndi satifiketi yosonyeza kuti zilibe tizilombo, ndipo malo osungira olongosoka adzakufunsani kuti katunduyu analowa bwanji.

Mukapita kukaona malo musangoyang'ana mtengo. Yang'anani kudenga ngati kukuoneka kuwala kwa dzuwa, pansi ngati pali zizindikiro za madzi, ndipo funsani kuti pafupi ndi paleti yanu padzakhala chiyani, mpunga wa Kilombero anthu amaugulira fungo lake nde ukagona pafupi ndi sopo, feteleza kapena matayala umatenga fungo lachilendo makasitomala n'kumati mwasakaniza. Matumba asagunde khoma. Risiti iliyonse ilembedwe nambala ya matumba ndi kulemera kwake. Ndipo funsani mosapita m'mbali kuti moto ukabuka kapena akuba akalowa alipira ndani, chifukwa mapangano ambiri amalemba m'timalemba ting'onoting'ono kuti katundu ali pa chiopsezo cha mwini wake. Tonse tinaona mmene Mbare Musika inapsera mu October 2024, anthu anataya mpamba wonse usiku umodzi ndipo ambiri analibe inshuwalansi.

FUNSO: Ndili ndi malo kuseri kwa nyumba yanga, ndimange zipinda za lendi poti antchito a m'mashedi akusowa pogona? (Bambo wa ku Ruwa)

YANKHO: Mangani achimwene, ofuna zipinda alipo ndipo achulukabe. Koma pulani ikadutse ku Ruwa Local Board kaye, amene tinaona boma likugumula nyumba pa Murambatsvina mu 2005 tikudziwa zimene zimachitikira zipinda zopanda mapepala. Ndipo muyambe mwaganiza za madzi ndi chimbudzi musanaganize za lendi, kum'mawa kuno mipopi imatha nthawi yaitali ili youma, anthu asanu owonjezera pa chitsime chimodzi si nkhani yaing'ono.

FUNSO: Atsibweni tithandizeni. Chitsegulireni shedi ina kufupi ndi kwathu magonyeti akugona mumsewu wathu, usiku wonse injini zili ndiii, tala yatha yonse, ana popita kusukulu akudutsa pakati pa matayala. Pano taona zikhomo zatsopano kudambo kumene amayi amatunga madzi, ndipo m'mphepete mwake muli kankhalango momwe muli manda a makolo athu amene ankagwira ntchito pa famu imene inali pano kale, ndi momwenso akuluakulu a gule amakumana. Kodi tingaletse? Ena akuti tikayankhula tithamangitsa chitukuko. (Mkulu wa mpingo, dera la pakati pa Mabvuku ndi Ruwa)

YANKHO: Bambo, amene akunena kuti mukhale chete akulakwitsa. Paja amati walira mvula walira matope, koma matope ena ndi oti eni shedi akanatha kuwapewa, malo oimikapo magonyeti ndi chimbudzi cha madalaivala zimayenera kukhala mkati mwa mpanda wawo, osati pakhomo panu. Madalaivalawo musalimbane nawo, ambiri ndi abale athu omwe, ena achokera ku Beira ena ku Lilongwe, afika usiku apeza geti yotseka ndipo auzidwa kuti adikire mpaka kuche, alowera kuti? Nkhani ili ndi eni shedi ndi khonsolo. Lembani kalata yopempha zinthu zooneka, kuti magonyeti azilowa kudikira mkati, kuti asamadutse msewu wa kusukulu nthawi yolowa ndi yoweruka ana, kuti aike mahampu ndi kukonza pamene aononga. Jambulani zithunzi zoonetsa tsiku ndi nthawi kwa masabata angapo. Makampani ambiri amamva msanga zikafika polembedwa chifukwa nawo safuna kuti mwana adzagundidwe pageti pawo.

Za kudambo ndiye fulumirani, chifukwa shedi imene yaima kale kuichotsa n'kovuta koma pamene pali zikhomo zokha mawu anu akadali ndi mphamvu. Choyamba dziwani kuti malowo ali pansi pa ndani, ngati ndi City of Harare za mapulani zili ku Cleveland House m'tauni, ngati ndi Ruwa pitani ku Local Board, kafunseni kuti malowo anaikidwa kuti ndi a chiyani ndipo chilolezo chinaperekedwa liti. Lamulo la Regional, Town and Country Planning Act likuti wofuna kusintha ntchito ya malo mwa chilolezo chapadera alengeze m'nyuzipepala ndi kudziwitsa oyandikana nawo, ndipo otsutsa amapatsidwa mwezi umodzi kuti alembe, khonsolo ikagamula mosakomera mutha kukadandaula ku Administrative Court. Vuto lathu ndi loti zidziwitso zimenezi zimakhala kumasamba akumapeto amene sitiwerenga, nde sankhani wachinyamata mmodzi mumpingo kuti aziziyang'ana sabata iliyonse.

Kachiwiri pitani ku EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe. Environmental Management Act siilola kukwirira, kukumba kapena kumanga padambo popanda chilolezo cholembedwa, ndipo ntchito zikuluzikulu zimafuna satifiketi ya EIA, yosonyeza kuti anaunika mmene ntchitoyo ikhudzire chilengedwe, imene popanga amayenera kufunsa anthu okhala pafupi. Funsani kuti satifiketiyo ilipo, ndipo anafunsa ndani. Dambo limamwa madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, ndi chifukwa chake zitsime za amayi zija siziuma msanga. Mukaikapo denga lalikulu ndi bwalo la simenti madzi onse amathamanga nthawi imodzi kulowa m'nyumba za kumunsi, chilimwe chikafika zitsime gwa. Madambo a kum'mawa kuno ndi amenenso amadyetsa Mukuvisi ndi mtsinje wa Ruwa, madzi ake n'kukathera ku Manyame ndi ku Chivero kumene tauni yonse imamwa, Cleveland Dam ili pamndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi, pa chifukwa chomwechi. A Harare Wetlands Trust ndi a Combined Harare Residents Association nkhani zotere amazidziwa, ndipo a Zimbabwe Lawyers for Human Rights anaimirirapo anthu pa milandu ya madambo, kawaoneni musanataye nthawi.

Manda ndiwo andikhudza kwambiri. Makolo athu ambiri a m'mafamu anaikidwa popanda mwala wolembedwa, pena pali mulu wa miyala, pena mbale yakale kapena mtengo umene ana ake okha ndi amene akuudziwa, nde woyendetsa girediya sangadziwe kuti apa pagona munthu, ndipo pa mapu a ku ofesi mwina sanalembedwe n'komwe. Musadikire kuti adzafukule mafupa. Sabata ino itanani nkhalamba zimene zikukumbukira, muyende nazo m'kankhalangomo, manda aliwonse muike chizindikiro chooneka, mujambule, mulembe dzina la womwalira, kwawo kumudzi ngati kukudziwika, ndi mwana kapena mdzukulu amene alipo. Mndandandawo upite ku khonsolo, ku EMA ndi ku National Museums and Monuments of Zimbabwe, amene amaitanidwa pakapezeka manda pamalo omanga. Manda sasunthidwa mwachisawawa, pamafunika chilolezo ndi kukambirana ndi abale, ndipo nthawi zina omanga amavomera kungowatchingira mpanda n'kusiya kanjira kolowera.

Za akuluakulu a gule, inu ndinu a mpingo koma mwachita bwino kuwatchula, pa nkhani iyi muyendere limodzi. Iwo sangalembe zonse za kumeneko papepala ndipo palibe amene awakakamize, n'zokwanira kunena kuti ndi malo a mwambo amene akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira nthawi ya famu, atsogoleri awo asaine nawo. Kalata iliyonse mupange makope awiri, imodzi musiye ku ofesi, inayo akudindireni chidindo cha tsiku limenelo mubwere nayo, isungidwe ndi munthu mmodzi amene nonse mukumukhulupirira.